Kwa makasitomala athu: za bandi ya Lachisanu, gitala watsopano ndi ndalama ya pakhomo

Okondedwa makasitomala athu, abale ndi alongo,

Kalata ya Chingerezi tapachika kale pambali pa kaunta. Iyi ndalembera inu akwathu, amene mumabwera kudzadya nsima Loweruka komanso mwazolowera kudzacheza nafe Lachisanu usiku, chifukwa zina sindikanazinena momasuka m'chiyankhulo cha eni dziko.

Kuyambira mwezi wamawa bandi iziimba Lachisanu loyamba la mwezi basi, osati sabata iliyonse. Pakhomo muzilipira £5. Nyimbo zizitha 11 koloko usiku. Woliza gitala ndi wina watsopano. Nsima ya Loweruka siikusintha.

Kunena zoona, zikundiwawa kuti ndifotokoze zimenezi ngati ndine wolakwa. Mu Epulo 2025 boma la kuno ku Britain linatipana malo atatu nthawi imodzi. Msonkho wa National Insurance, umene ife olemba anthu ntchito timalipira pa malipiro a antchito athu, unakwera kuchoka pa 13.8% kufika pa 15%, ndipo malipiro amene msonkhowu umayambira anawatsitsa kuchoka pa £9,100 kufika pa £5,000 pachaka, moti ngakhale atsikana amene amatithandiza kumapeto kwa sabata kokha tayamba kuwalipirira. Malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anachoka pa £11.44 kufika pa £12.21 pa ola. Apo sindidandaula, anawa amakhetsa thukuta, koma ndalamayo imatuluka m'kabati yomweyi. Kenako kuchotsera komwe ankatichitira pa msonkho wa malo a bizinesi anakudula, kuchoka pa 75% kufika pa 40%. Amene anasaina mapepala amenewa sindikhulupirira kuti anaimapo kuseri kwa kaunta Lolemba mu Januwale, bala ili ndi anthu atatu ndi galu mmodzi, magetsi ndi gasi zikungoyaka.

Ndiye pali kampani imene timachita lendi nyumbayi. Pangano lathu limatikakamiza kugula mowa kwa iwo okha, pamtengo wawo. Mgolo womwewo anzathu a bala zodziimira paokha amaugula motsika, ife tikafunsa chifukwa chake amatitumizira mnyamata wa taye kudzatiuza kuti tikweze mtengo wa tambula. Ndikweze kangati? Pamwamba pa izo, chiphaso choimbira nyimbo timalipira chaka ndi chaka, ndipo usiku wa bandi amauwerengera padera.

Mukhululuke, ndinenepo chimodzi chokhudza inu. Mwambo wa nyimbo za m'bala unali woti mowa ndiwo umalipira bandi. Mu zaka za m'ma 1970, bala za ku London monga Hope and Anchor ku Islington ndi Tally Ho ku Kentish Town zinkaika bandi pakona kuti anthu achuluke, amwe, oimba alandire yawo. Lero chipinda chimadzaza ndithu, koma ambiri amagwira tambula imodzi usiku wonse, ena amangopempha madzi a pampopi. Sindikukunyozani, matumba auma kwa tonse. Koma anthu anayi sangalipidwe ndi madzi a pampopi.

Tsopano za gitala, popeza ndi zimene mwakhala mukunong'onezana. Mkulu amene wakhala akutiimbira zaka zonsezi sitinakangane naye. Nditamuuza kuti ntchito izikhala kamodzi pamwezi, anapita kumene kuli ntchito ya sabata ndi sabata, ku maukwati, ndipo sindingamuimbe mlandu. Wolowa m'malo mwake ndi wachinyamata. Ndamva kale ena akunena kuti bandi yatha, popanda mkulu uja sabweranso. Mawu amenewa ndinayamba kuwamva kalekale, ndipo ankanenera bandi yaikulu kuposa yathuyi.

Bandi yathu imaimba kwambiri nyimbo za Dr. Feelgood, anyamata a ku Canvey Island m'chigawo cha Essex, pafupi ndi kuno ku Southend. Ambiri mwa inu mumazivina osadziwa mwini wake. Anayamba mu 1971: Lee Brilleaux pa mawu ndi harmonica, Wilko Johnson pa gitala, John B. Sparks pa besi, ndi wang'oma amene ankamutchula The Big Figure. Lee anabadwira ku Durban mu 1952, choncho ndimakonda kuseka azungu a pakaunta kuti mfumu yawo ya Essex ndi mwana wa kwathu kummwera. Chimbale chawo chojambulidwa pa siteji, Stupidity, chinafika pa nambala wani mu 1976. Chaka chotsatira, 1977, Wilko anachoka atayambana ndi anzake ali mkati mojambula chimbale china. Iye ankati anamuthamangitsa, anzakewo ankati anachoka yekha.

Ine ndinawaona koyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndikugwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandikokera. Pa gitala panali Gordon Russell. Ndinatuluka makutu akulira, malaya atanyowa, ndikuganiza kuti ndaona zodabwitsa. Madala ena panja anangondiyang'ana mwachisoni: iwe mwana, waona chiyani, sunamuone Wilko. Usiku umenewo Russell anali ataliza gitala mpaka chipinda chonse kudumpha, koma kwa iwo mlandu wake unali umodzi, sanali Wilko.

Anali ataiwala kuti pakati pa awiriwa panadutsa ena. Gypie Mayo analowa mu 1977 ndipo anakhala mpaka 1981, ndipo nyimbo imodzi yokha ya bandiyi imene inalowa m'gulu la nyimbo 10 zapamwamba ku Britain inatuluka mu 1979, iye ali pa gitala, ataipeka nawo. Mayo ndimangomumva pa zimbale, koma kwa ine zala zake zinali zofewa ndi zaluso kuposa onse. Pambuyo pake anakaimba ndi The Yardbirds. Johnny Guitar anabwera n'kudutsa msanga. Russell anakhala kuyambira 1983 mpaka 1989. Kenako Steve Walwyn, amene ndinamuonera kwambiri, munthu wosachedwa ndi zamatama, wokonda kutsetsereza kachitsulo pa nsambo mpaka gitala kumalira ngati munthu. Anakhala kuyambira 1989 mpaka 2021, zaka 32, pamene Wilko anakhala zaka 6 zokha. Komabe mpaka tsiku lomaliza panali anthu omutcha watsopano. Atachoka, amene anabwerera pampandopo ndi Russell yemwe uja, ndipo omwe ankamuderera aja anamulandira ngati wachibale wochokera kutali.

Musandimve molakwa. Wilko ndinadzamuona pambuyo pake ndi bandi yakeyake, Norman Watt-Roy ali pa besi, ndipo ndinamvetsa chimene madala aja ankalira. Gitala wa mtundu wa Telecaster wakuda wokhala ndi chofiira pamimba, osagwiritsa ntchito kapulasitiki kokhwayira nsambo, zala zokhazokha, kumenya kayendedwe ka nyimbo ndi kuilirira nthawi yomweyo ngati pali magitala awiri. Luso limeneli analitengera kwa Mick Green wa The Pirates. Maso atatong'ola, ankathamanga cham'mbali pa siteji, chingwe chikumutsatira, n'kuloza gitala kwa anthu ngati mfuti. Wofanana naye sanapezeke, ndipo anamwalira mu Novembala 2022. Koma anzake akanati adikire Wilko wachiwiri, bandi ikanathera mu 1977, ndipo ine ndi anthu ena ambirimbiri sitikanamuona Lee.

Lee ndiye anali msana wa zonse. Suti yoyera yodetsedwa ndi thukuta ndi mowa, chibakera chikumenya m'mwamba, mawu okhakhala, maso okwiya ngati mwamubera, koma akatsika pa siteji munthu waulemu. Anaimba komaliza ku Canvey mu Januwale 1994 akudwala khansa, ndipo anamwalira mu Epulo chaka chomwecho ali ndi zaka 41. Bandi inadzukanso ndi Pete Gage, kenako Robert Kane kuyambira 1999, Kevin Morris akadali pa ng'oma kuchokera 1983. Wa gulu loyamba lija palibe ndi mmodzi yemwe, koma anthu amagulabe matikiti. Ndiye musandiuze kuti kabandi ka m'bala yathu kafa chifukwa munthu mmodzi wapita kukaimba ku maukwati. Mnyamatayu ndamumva poyeserera. Amathamangitsa nyimbo pang'ono, adzakhazikika. Mumumvere kaye musanamuweruze.

Za 11 koloko si kufuna kwanga. Lamulo la kuno limalola bala yokhala ndi chiphaso cha mowa kuimbitsa bandi mpaka 11 koloko popanda chilolezo china. Kupitirira apo mpaka akhonsolo avomere. Ife chilolezocho tinali nacho. Ndiye anamanga mafulati kuseri kwathu, anthu analowamo akuiona bala ili pomwepa, n'kuyamba kulemba makalata odandaula za phokoso. Akhonsolo anabwera ndi makina awo oyezera, anatiuza kuti tikafuna kupitirira tiike mawindo atsopano ndi kachipangizo kodula magetsi phokoso likakwera. Mtengo wake nditaumva ndinangoseka. Bala inayamba, mafulati anatipeza, koma wolipira ndine.

Ndikudziwa kuti muli ndi kwina kopita, ndipo kunyumba mowa wa kusitolo ndi wotchipa. Ena mwa inu munatigwira dzanja nthawi ya Covid, mukugula nsima yonyamula pamene zitseko zinali zotseka, ndipo sindinaiwale. Ndikupempha kuti musatisiye pano. Lachisanu loyambalo chipinda chikakhala chopanda anthu, sindidzakhala ndi chonena kwa oimba, ndipo mwezi winawo kudzakhala wailesi yokha.

£5 ya pakhomo yonse izipita kwa bandi, ine sinditengapo kanthu. Mutha kulipira ndi khadi kapena ndalama. Amene muli ndi madandaulo mundipeze ndekha Lachiwiri masana, musakalipire atsikana a pakaunta, iwo sanasankhe zimenezi.

Ndine wanu,
Mwini bala