Achinyamata a parishi: Loweruka tikumbukira kalata ya 1992

Achinyamata nonse a m'parishi, Loweruka likubwerali tikumana ku holo ya parishi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, tiyamba ndi Misa kenako zokambirana za kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992.

Ambirife tinali tisanabadwe ndiye bwerani mudzamve. Nthawi imeneyo kungodzudzula boma la Kamuzu munthu umatha kusowa, koma maepiskopi analemba poyera za umphawi, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, boma linati kalatayo ndi youkira, apolisi anawapanikiza ndi mafunso, Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, mpaka anathamangitsidwa m'dziko muno. Ndipo ophunzira a pa Chanco (Chancellor College) konkuno ku Zomba anaguba kuikira kumbuyo maepiskopiwo, anali a msinkhu wathu womwewu! Tapempha makolo awiri amene analipo tsikulo m'tchalitchi kuti adzatifotokozere okha mmene mitima inkagundira kalata ikuwerengedwa.

Aliyense abweretse Baibulo, kolona, kope ndi cholembera, mbale ndi kapu yake, komanso K2,000 ya nkhomaliro. Akwaya musaiwale ng'oma ndi visekese.

Amene mubwere yankhani ndi dzina ndi mphakati wanu pofika Lachinayi madzulo kuti amayi ophika adziwe ufa wogula.