Lipoti la msonkhano wa Linux uja, nkhani ya RAM yathu

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma, ndafika dzulo usiku ndiye ndati ndilembe msanga zisanandithawe m'mutu.

Funso lanu lija ndinafunsa ndithu, loti bwanji makompyuta a mu labu yathu a 4GB aja amaonetsa ngati RAM, malo amene kompyuta imaikamo zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo, yatha pomwe sitinatsegule kanthu. Yankho lake linandichititsa manyazi pang'ono. Ife tikatayipa free -h, lamulo loonetsa mmene RAM ikugwiritsidwira ntchito, maso amathamangira polembedwa free paja, tikaona kanambala kochepa basi tayamba kale zosonkha ndalama zogulira RAM ina. Poyang'ana ndi pa available. Linux safuna RAM izingokhala, ndiye mafayilo amene mwatsegulapo amawasunga mu RAM momwemo, polembedwa buff/cache paja, kuti mukawafunanso asakavutike kuwerenga pa disk, koma pulogalamu ikangofuna malo, ambiri a malowo amabwezedwa pompo, ngati munthu woyanika mphale pa mkeka wobwereka, mwini wake akabwera amayanula basi. Nambala ya available inabwera ndi kernel 3.14 mu 2014 (kernel ndiye mtima wa Linux), ndipo lamulo la free limangoitenga mu fayilo ya /proc/meminfo, mutha kutayipa nokha cat /proc/meminfo muone.

Vuto lenileni limaonekera ku swap, malo a pa disk amene Linux amaikako zinthu RAM ikachepa. Tayipani vmstat 1 muyang'ane polembedwa si (zochokera ku swap) ndi so (zopita ku swap), zikamangosuntha sekondi iliyonse osabwerera pa 0 ndiye kuti RAM yathinadi, makina akutaya zinthu ku disk nkumazitenganso, nchifukwa chake mouse imachita kukwawa. Zikafika poipa kernel imapha pulogalamu imodzi, amati OOM killer, ndipo sudo dmesg imakuonetsani amene waphedwayo. Ndikukayikira kuti ndi zimene zinachitika tsiku lija LibreOffice inangozimiririka ana ali pakati polemba, ife nkumanamizira magetsi.

Kuti mugwire pulogalamu yakudya RAM kwambiri, tayipani top mudine Shift ndi M. Muwerenge RES, yomwe ndi RAM imene pulogalamu yatengadi, osati VIRT, VIRT imakhala nambala yaikulu yongoopseza. Pa laputopu yanga pamwamba panali Firefox, ma tab anga omwe, anthu anandiseka.

Panalinso gawo la ma server koma ife sizikutikhudza panopa.

Maganizo anga ndi oti chopereka cha RAM chija tiyambe taima kaye. Loweruka ndibwera tiyese kompyuta iliyonse ana ali pomwepo akugwiritsa ntchito, yomwe swap yake ikuvina ndi imene tiigulire. Amayi msungichuma, malisiti a thiransipoti ndi chenji ndibwera nazo tsiku lomwelo.