Mayi woferedwa khanda ndi wachikuta ndithu, tisamusiye yekha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, Amayi Akatolika ndi onse amene timayenda m'makomo kukapepesa. Maliro a munthu wamkulu timawadziwa: timagona pa siwa, timasonkha ufa, timaimba mpaka kucha. Koma khanda likabadwa lakufa, m'madera ambiri timati ndi mtayo. Amayi achikulire amakaliika mwakachetechete, kulira kumaletsedwa, mawa lake aliyense ali kumunda. Mwambowo sindilimbana nawo lero. Nkhawa yanga ili pa mayi uja, amene thupi lake silikudziwa kuti mwana palibe.

Mkaka umabwera ndithu, kawirikawiri pa tsiku la 2 mpaka la 4. Mawere amatupa n'kulimba gwa. Ambiri amalakwitsa pofinya mkaka wonse, osadziwa kuti bere likakhuthulidwa thupi limapanga wina. Afinye pang'ono chabe kuti ululu uchepe, avale bra yogwira bwino koma yosathina, aike kansalu konyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15, amwe panado. Kumanga chifuwa zolimba ndi chitenje kumangowonjezera ululu. Mkaka umaphwa wokha pakapita masabata angapo. Bere likafiira mbali imodzi, likutentha, mwiniwake akunjenjemera, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa akachedwa pamachita chithupsa chofunika kung'amba.

Magazi a uchembere amatha kutuluka mpaka masabata 6, koma azichepa tsiku ndi tsiku. Akachuluka mpaka kunyowetsa nsalu mu ola limodzi, akayamba kununkha, kapena mutu ukamawawa kwambiri maso n'kumachita chidima, pamenepo sipodikira kuti kuche. Amayi ambiri sabwerera kusikelo ya ochira poopa kukhala pa benchi imodzi ndi anzawo oyamwitsa. Mmodzi wa ife amuperekeze, sabata yoyamba komanso pa masabata 6, ndipo akanong'oneze namwino kuti amuone msanga.

Ulendo umenewo afunsenso chimene chinachitika, ndipo chilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Malungo, chindoko, kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi ndi kutalika kwa matenda a uchembere ndi zina mwa zimene zimapha mwana m'mimba, ndipo zambiri mwa izi zimapeweka. Ngati ndi chindoko, jakisoni alandire onse awiri. Bambo akazemba, matenda amabwerera. Funso limeneli likapanda kuyankhidwa kuchipatala, limakayankhidwa kwa asing'anga, ndiye agogo ena osalakwa amalozedwa chala. Mayiyo adziwenso kuti poti sakuyamwitsa, angathe kuima pakangopita mwezi umodzi, asanaone n'komwe msambo. Za kulera akambirane ndi namwino thupi lisanapatsidwe katundu wina.

Tsono ana amene ali pakhomo. Anaona mimba, anamva kuti kukubwera mlendo, mayi abwera chimanjamanja, aliyense ali duu. Tisawauze kuti mwana wagona, angayambe kuopa tulo. Tisanene kuti watsala kuchipatala, azingoyang'ana kunjira. Mawu ake ndi akuti, "Mng'ono wako wamwalira, sabweranso, ndipo iwe sunalakwe chilichonse." Mbali yomalizayi ndi yofunika, pakuti mwana amene ankachita nsanje ndi mimbayo amaganiza kuti wachititsa ndi iye. Wosakwana zaka 5 sadziwa kuti imfa ilibe pobwerera, motero adzafunsa kambirimbiri. Yankho likhale lomwelo. Wina amayambiranso kukodza pamphasa kapena kukakamira chitenje cha amake. Si mwano, asamenyedwe. Aphunzitsi ake auzidwe. Akamakula amafunsanso mwatsopano, wa zaka 12 funso lake silifanana ndi la wa zaka 6, ndipo ngati khandalo linapatsidwa dzina, palibe cholakwa kulitchula.

Ife opepesa pakamwa pathu pamafulumira. "Mukadali wamng'ono, mudzabereka wina." "Thokozani poti muli ndi ena atatu." Mayiyo akudziwa kuti ali ndi ana atatu, ndiye amawaphikira, ndipo amathokozadi Mulungu akawaona akupita kusukulu. Koma kuthokozako kumachokera mwa iye, pa nthawi yake, ndipo kumakhalira limodzi ndi misozi. Tikamulamula kuthokoza pa tsiku lachitatu, iye amamva kuti kulira kwake ndi tchimo. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osatsegula pakamwa. Anayamba kulakwa atayamba kufotokoza zifukwa. Pemphero lalifupi, ndowa ya madzi, mtolo wa nkhuni ndi kuchapa zovala za ana zimakwanira. Zovala zimene anakonzera khandalo tisazibise iye asanavomere. Bambonso afunsidwe m'mene akumvera, poti anthu amangomupatsa moni wa "mayi ali bwanji?"

Tigawane masiku oyendera mpaka miyezi itatu, osati kukhamukira tonse tsiku limodzi. Mayiyo akatha masabata awiri osagona, osadya, osasamba, osalabadira ana, apite naye kwa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo. Akanena zoti bola kufa, asasiyidwe yekha ngakhale ola limodzi, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mzamba wopuma pantchito,
Dedza