Usanalowetse pasiwedi mu laputopu ija

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino. Mayi ako akupereka moni kwa iwe, kwa amuna ako ndi kwa adzukulu onse.

Wandiuza kuti laputopu munagula ija ndi yogwirapo kale ntchito, ndipo wogulitsa anakuikiranimo Windows, Office ndi mapulogalamu ena onse osalipitsa kanthu. Zaulerezo ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe. Windows ndi Office zimafuna laisensi. Wofuna kuzembera laisensiyo amagwiritsa ntchito kapulogalamu kothyolera, monga kotchedwa KMSPico, ndipo kuti kalowe amayamba wazimitsa antivirus. Makope ambiri a timapulogalamu totere amene ali pa intaneti amabwera atabereka kazitape kumsana. Wogulitsayo mwina sakudziwa n'komwe, naye anangokopera kwa mnzake. Koma makina ali m'nyumba mwako, ndipo ndiwe amene ulembepo pasiwedi ya kubanki.

Akazitape a m'kompyuta alipo a mitundu ingapo, koma awiri ndi amene akukukhudza. Woyamba amalemba batani lililonse limene wadina, kenako n'kutumiza zonse kwa mwini wake. Wachiwiri ndi woipa kuposa: amatsegula malo amene Chrome kapena Edge imasungamo mapasiwedi, amakopera onse, amatenganso ma cookies, timafayilo timene timachititsa kuti Gmail kapena Facebook isakufunse pasiwedi tsiku lililonse. Munthu amene ali ndi cookie yako amalowa mu akaunti ngati kuti ndi iwe, nthawi zina osafunsidwa ngakhale nambala yobwera pafoni. Usadikire kuti makina ayambe kuchedwa kapena kutentha kuti udziwe kuti muli kanthu. Kazitape wopangidwa bwino amagwira ntchito yake m'kamphindi, ndipo laputopu imayenda bwinobwino.

Chimene mbava ikufuna si zithunzi za ukwati. Ikufuna zinthu zitatu: chiphaso chako cha unzika, nambala yako ya foni, ndi imelo yako. Kuyambira pamene a NRB anachita kalembera wa dziko lonse mu 2017, ndipo a MACRA analamula mu 2018 kuti SIM iliyonse ilembetsedwe, chiphaso chija chinakhala kiyi wa zambiri: kubanki, pa Airtel Money, pa Mpamba, potenga ngongole. Nambala ya foni ndi imene imalandira timanambala tachinsinsi totsimikizira kuti ndiwe. Imelo ndi kumene kumapita uthenga ukadina kuti waiwala pasiwedi. Amene wagwira ziwiri mwa zitatuzi akhoza kuyamba kuyankhula m'dzina lako, kupempha ndalama kwa abale, kapena kukongola n'kukusiyira ngongole.

Ndiye chiyambi ndi ichi: laputopuyo ifafanizidwe yonse, Windows ilowe yatsopano. Kungoisesa ndi antivirus sikokwanira pamene Windows yeniyeniyo inalowa mwachinyengo. Pezani fulashi yopanda kanthu ya 8GB kapena kuposa. Pa kompyuta ina imene mumaikhulupirira, pitani pa webusaiti ya Microsoft yeniyeni, mutenge Media Creation Tool, ndipo iyo ikonza fulashiyo kukhala yoikira Windows. Izi zimadya bandulo ya magigabayiti angapo, choncho gulani yokwanira kapena yausiku. Musanayambe, sungani padera makalata ndi zithunzi zokha. Musakopere fayilo iliyonse imene dzina lake limathera ndi .exe, popeza imeneyo ndi pulogalamu. Poika Windows, sankhani Custom, mufufute ma partition onse akale, ndiko kuti zigawo za malo osungira zinthu mu laputopumo. Laputopu zambiri za HP, Dell ndi Lenovo zimene zinachokera m'maofesi akunja zili ndi laisensi yosungidwa m'kati mwa makina momwemo, moti Windows imazindikira laisensiyo yokha ikangolumikizidwa pa intaneti. Yang'anani pa Settings, gawo la Activation. Za Office usadandaule: LibreOffice ndi yaulere mwalamulo, ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Uonenso kuti ndi Windows iti. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 thandizo lake la nthawi zonse linatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka m'kati mwa makina kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa Intel imafuna purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ngati makinawo ndi akale kuposa pamenepo, ine ndingasankhe Linux Mint, imene imalowa m'malo mwa Windows, kusiyana ndi kukakamira Windows imene mabowo ake sakumatidwanso.

Mukamaliza, pangani ma akaunti awiri kapena atatu. Ya Administrator ikhale ndi pasiwedi yodziwa iwe ndi amuna ako basi, ndipo musamaigwiritse ntchito tsiku ndi tsiku. Ina ikhale Standard ya akuluakulu, inanso Standard ya ana. Chifukwa chake n'chakuti pa akaunti ya Standard, pulogalamu yofuna kusintha zam'kati mwa Windows imaima n'kupempha pasiwedi ya Administrator. Mdzukulu akakopera gemu ya mpira yothyoledwa, adzabwera kudzakupempha pasiwediyo, ndipo pamenepo ndi pamene ukanire. Si mpanda wopanda bowo, pakuti akazitape ena amatha kugwira ntchito ngakhale pa Standard, koma amangofika pa za akaunti imeneyo, osati zako.

Antivirus yogula siikufunika. Microsoft Defender imene imabwera ndi Windows ndi yokwanira pakhomo, bola ikhale yoyaka ndipo izilandira ma update. Apa ndi pamene ambiri amagwera chifukwa cha kudula kwa bandulo: amaika Wi-Fi pa Metered connection kuti bandulo isathe msanga, Windows n'kusiya kutenga ma update ambiri kwa miyezi. Ngati mwatero, muzichotsa kamodzi pamwezi. Microsoft imatulutsa ma update ake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndiye kumapeto kwa sabata imeneyo ndi nthawi yabwino, laputopu ili pachaja ndipo batire ili yodzaza, kuopa magetsi kuthima ntchito ili pakati. Usaike ma antivirus awiri, amalimbana okhaokha.

Tsopano za fulashi, popeza ku Lilongwe kuno matenda ambiri a kompyuta amayenda m'thumba. Fulashi imene yapita kukapulinta ku sitolo ya fotokope yalowa m'makina amene mwalowa mafulashi a anthu ambirimbiri tsiku lomwelo. Ikabwera kunyumba, usaitsegule msanga: dina batani la kumanja pa dzina lake, usankhe kuisesa ndi Defender. Ukaona mafoda ako asanduka ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona, usadine. Mafoda enieni abisidwa, ndipo kudina shortcut ndiko kuyatsa kachilomboko. Mu File Explorer yatsa File name extensions pansi pa View, kuti fayilo yonamizira kukhala CV.pdf ionekere poyera kuti ndi CV.pdf.exe. Mafayilo otere amabweranso pa imelo ndi pa WhatsApp, atavala dzina la invoisi kapena mndandanda wa ntchito.

Chiphaso nachonso chimatayikira pomwepo pa fotokope. Anthu amatumiza chithunzi cha chiphaso pa WhatsApp ya mwini sitolo kuti awapulintire, kapena amalowa mu Gmail yawo pa kompyuta ya sitoloyo, n'kuchoka osatuluka. Chithunzicho chimatsala mu Downloads mpaka kalekale. Iwe uzipita ndi chiphaso chenicheni, achijambule pa makina uli pomwepo, ndipo mapepala olakwika uwatenge. Pa kope iliyonse lemba ndi bolopeni modutsa pa chithunzicho tsiku ndi cholinga, mwachitsanzo kuti ndi ya lendi ya nyumba yokha, kuti wina asakaiperekenso kwina. Amene akulengeza ntchito pa Facebook n'kumapempha chiphaso mbali zonse ziwiri ndi chithunzi cha nkhope yako asanakuitane n'komwe, ameneyo akutolera ziphaso, alibe ntchito. Ndipo pa Desktop pasamakhale fayilo yotchedwa ID kapena Passport, pakuti akazitape amayamba kufufuza pomwepo.

Mapasiwedi ndinene mwachidule. Ya imelo ikhale yakeyake, yosagwiritsidwa ntchito kwina kulikonse, ya mawu anayi kapena asanu osagwirizana, kuposa zilembo 14. Dzina la mwana ndi chaka chake chobadwa zili kale pa Facebook. Kulemba mapasiwedi m'kabuku n'kukatsekera m'sutikesi si kupusa; mbava ya pa intaneti siifika m'sutikesi. Chrome ikakufunsa ngati isunge pasiwedi ya kubanki, kana. Pa Google yatsa 2-Step Verification, imene imafunsa kanambala kena pamwamba pa pasiwedi, ugwiritse ntchito Google Authenticator, pulogalamu ya pafoni yopereka timanambalato, m'malo mwa SMS, ndipo ulembe m'kabuku komweko manambala 10 osungira amene amakupatsa, a tsiku limene foni idzatayike. Pa WhatsApp pita pa Settings, Account, Two-step verification, uike PIN ya manambala 6. Pa Linked devices, poonetsa zipangizo zimene zalumikizidwa ku WhatsApp yako, uzionapo kawirikawiri. Chipangizo chimene sukuchidziwa chichotse nthawi yomweyo. MiFi nayo ili ndi pasiwedi yake ya eni, imene pa zambiri imabwera ili admin. Adiresi yolowera yalembedwa pa kapepala ka pansi pake kapena kuseri kwa batire. Lowa, usinthe pasiwediyo.

Pali akathyali ena amene sathyola chilichonse, amangoimba foni. Amati akuimba kuchokera kubanki kapena ku kampani ya foni, akaunti yako ili ndi vuto, uwawerengere nambala imene yangobwera pa SMS. Ena amati uike AnyDesk kapena TeamViewer, mapulogalamu oyendetsera kompyuta ya munthu uli kutali, kuti akukonzere. Mapulogalamu awiriwa ndi abwinobwino, amisiri amawagwiritsa ntchito, koma ukapereka nambala yake kwa mlendo wam'patsa mbewa ndi kiyibodi yako, akuona chilichonse uli kuchita. Wogwira ntchito weniweni sapempha PIN kapena nambala ya pa SMS. Dula foniyo, uimbe wekha nambala imene ili kuseri kwa khadi lako la ATM. Uwauzenso apongozi ako zimenezi, popeza achikulire ndi amene amachita ulemu wambiri pafoni.

Nanga zikachitika? Zizindikiro ndi izi: abale akufunsa za ndalama zimene sunapemphe, imelo yonena kuti pasiwedi yasinthidwa, kapena foni yako kutaya netiweki kwa maola pamene ya mnzako ya kampani yomweyo ikugwira. Chomalizachi chikhoza kutanthauza kuti wina watenga SIM ina pa nambala yako, ndipo si chodikira mawa. Pita ku ofesi ya kampaniyo tsiku lomwelo ndi chiphaso m'manja.

Ndondomeko yake ndi yofunika kwambiri, pakuti ambiri amayamba ndi cholakwika: amathamangira kusintha mapasiwedi pa laputopu yomweyo yodwalayo, kazitape n'kulemba yatsopanoyo. Yamba wachotsa laputopu pa intaneti. Imbira banki atseke khadi ndi akaunti ya pa intaneti. Kenako, pa foni kapena makina ena oyera, sintha pasiwedi ya imelo poyamba, zinazo pambuyo. Usalekere pomwepo: pa Google pita pa Security, Your devices, utulutse zipangizo zonse zachilendo, ndipo pa Facebook uchite chimodzimodzi pa Where you're logged in, kuti ma cookies obedwa aja afe. Mu Gmail yang'ana Forwarding ndi Filters, chifukwa mbava yochenjera imasiya lamulo loti makalata akubanki azipita kwa iyo iwe osaona. Pambuyo pake ndi pamene ubwerere ku laputopu. Pa Windows Security, Scan options, pali Microsoft Defender Offline scan, imene imazimitsa makina n'kuwasesa Windows isanadzuke, kwa mphindi pafupifupi 15. Ikapeza kazitape, fafaniza zonse monga ndanena poyamba paja.

Usafufute mauthenga a akubawo. Jambula sikirini, lemba manambala a foni, tsiku, nthawi ndi nambala ya transaction iliyonse, upite nazo kupolisi ukatenge lipoti. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo, ndipo banki kapena wobwereketsa ndalama adzafuna kuona lipotilo ukamakana ngongole imene sunatenge. Chiphaso chikasowa, lipoti lomwelo ndi limene upite nalo kwa a NRB.

Tsiku limene laputopu idzafune mmisiri ku Bwalo la Njobvu kapena kwina kulikonse m'tauni, tuluka mu Chrome ndi mu WhatsApp Web usananyamuke, um'tsegulire akaunti ya ana osati yako, ndipo ngati vuto ndi sikirini kapena chaja, pasiwedi safunika kupatsidwa n'komwe.

Loweruka tikubwera ku Area 25. Gula fulashi ija ndi bandulo, ndipo mpaka tsikulo, za kubanki uzichitira pafoni.

Ine bambo ako.