Alamu anga ndi khansala: ndiwadzudzule bwanji osapasula banja?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 47, ndimakhala m'boma la Chikwawa, ndipo ndine mlembi wa bungwe la amayi kumpingo kwathu. Ndalemba kalatayi chifukwa pali nkhani imene yandisowetsa tulo kwa miyezi ingapo, ndipo anthu onse amene ndikanawafunsa nzeru kuno nkhaniyi ikuwakhudza.

Khansala wa wodi yathu ndi alamu anga, akulu awo a amuna anga, ndipo timapemphera mpingo umodzi. Pa nthawi ya kampeni ine ndemwe ndinkayenda khomo ndi khomo kuuza amayi anzanga kuti munthuyu ndi woopa Mulungu ndipo sadzatitaya. Amayi ambiri anawavotera chifukwa cha mawu anga, n'chifukwa chake lero ndikamadutsa pamsika ndimaona ngati maso onse ali pa ine.

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, madzi osefukira anakwirira mjigo wa m'mudzi mwathu ndi mchenga, ndipo amisiri atabwera ananena kuti sungakonzedwenso. Mjigo wina umene uli pafupi umatulutsa madzi amchere, monga mmene ilili mijigo yambiri m'chigwa muno, moti ngakhale nyemba sizipsa bwino ndi madzi amenewo. Kuyambira nthawi imeneyo amayi ndi atsikana akhala akutunga madzi kumtsinje wa Shire, komwe aliyense amadziwa kuti kuli ng'ona, ndipo tinkatero ngakhale pamene matenda a kolera anali asanatheretu m'dziko muno. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi inalemba pempho, komiti ya chitukuko ya dera inavomereza, ndipo tinauzidwa kuti mudzi wathu uli pa mndandanda wa midzi yolandira mjigo watsopano. Galimoto yokumba mijigo inabweradi, koma inatidutsa n'kukakumba pafupi ndi chigayo cha alamu angawo, mtunda woti mayi wosenza ndowa amayenda pafupifupi ola lathunthu. Titafunsa, anatiyankha kuti akatswiri ndi amene anasankha malowo, koma palibe amene anationetsa pepala lililonse lotsimikizira zimenezo.

Pasanathe miyezi iwiri, alamu angawo anapereka malata 60 ofolera tchalitchi chathu, chimene denga lake linasasuka ndi mphepo. Kuyambira tsiku limenelo amakhazikidwa pampando wakutsogolo, amapatsidwa mpata wopereka moni pambuyo pa ulaliki, ndipo dzina lawo limatchulidwa m'mapemphero. Sindikunyoza mphatsoyo, pakuti tinkapemphera padzuwa la kuno limene mukulidziwa kuwotcha kwake. Koma chimene chimandipweteka n'chakuti amayi omwe amaimba nyimbo zowayamika Lamulungu ndi omwewo amene amalawirira kumtsinje Lolemba, mtima uli m'mwamba.

Ine ndinakula ndikuphunzitsidwa kuti udindo ndi utumiki. Pa Marko 10:42-45 Ambuye Yesu anauza ophunzira ake kuti olamulira a anthu akunja amadyera anthu awo masuku pamutu, koma pakati pa iwo zisatero, ndipo wofuna kukhala wamkulu akhale mtumiki. Mneneri Ezekieli, pa mutu 34, anadzudzula abusa amene amadzidyetsa okha n'kusiya nkhosa zodwala ndi zothyoka. Ndime imene imandilasa kwambiri ndi ya Yakobo 2, yonena za mpingo umene umapatsa malo abwino munthu wovala mphete yagolide n'kuuza wosauka kuti aime uko, chifukwa ndikaiwerenga ndimaona tchalitchi chathu chomwe. Mwana wanga amene ali ku sekondale anandiwerengeranso ndime 12 ya Malamulo oyendetsera dziko lino, imene imati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo ozigwiritsa ntchito angosungitsidwa kuti atumikire ndi kuteteza anthuwo. Ndinadabwa kuona kuti lamulo la dziko ndi Mawu a Mulungu zikunena chinthu chimodzi.

Ndinapita kwa abusa athu kukawafotokozera zonsezi. Anandilandira bwino, koma ananditsegulira Aroma 13, kuti olamulira onse anaikidwa ndi Mulungu ndipo ntchito yathu ndi kuwamvera ndi kuwapempherera. Ndinawayankha mwaulemu kuti mutu womwewo, pa vesi 4, umati wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu woti achitire anthu zabwino, ndipo sindikuona mmene tingatengere theka loyamba n'kusiya linalo. Iwo anati mpingo usalowerere ndale. Koma ine ndikukumbukira, ngakhale ndinali mtsikana ndipo sindine Mkatolika, kalata imene maepiskopi analemba n'kuwerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, nthawi imene kutsegula pakamwa kunali kuika moyo pachiswe. Akanati iwo aja anene kuti mpingo usalowerere ndale, kodi tikanavota pa riferendamu ya 1993? Sindikuweruza abusa athu, pakuti ndikudziwa kuti n'kovuta kudzudzula munthu uli pansi pa denga limene iye anafolera.

Vuto lalikulu lili kunyumba. Amuna anga akuti chibale ndi fupa sichiola, ndipo ine monga mtengwa ndilibe mawu pa nkhani za akuchimuna. Akundikumbutsa kuti alamuwo ndi amene analipira fizi ya mwana wathu chaka chimene thonje linatikanika, ndiponso ndi amene anagula bokosi pamaliro a mayi anga. Zonsezi n'zoona ndipo sindidzaziiwala. Apongozi anga aakazi anandiitana n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, nkhani za m'banja sazitulutsira kubwalo." Ndinagwada n'kuwamvera, koma mumtima ndinkati mjigo wa mudzi wonse si nkhani ya m'banja.

Tsopano amayi a m'bungwe lathu agwirizana zolemba kalata yopita kwa bwanamkubwa wa boma lino ndi kwa wapampando wa khonsolo, yofunsa mmene malo a mjigowo anasinthira. Popeza ndine mlembi, akuyembekeza kuti ndiilembe ndine ndi kusaina dzina langa poyamba. Ena akunena poyera kuti ndikakana ndiye kuti ndinadya nawo. Ndinayesapo njira ya pa Mateyu 18, yoti m'bale wako akalakwa upite kukamuuza muli awiri. Ndinapita kwa alamu anga ndi nkhuku m'manja, ndinawauza kuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma anangoseka n'kunena kuti, "Alamu, zachitukuko n'zovuta, inu zisiyeni." Patha miyezi inayi chiyankhulireni ndipo palibe chasintha. Sabata yatha mtsikana wa sitandade 6 anathawa ng'ona padooko, ndowa yake n'kupita ndi madzi.

Sindikufuna kuti alamu anga achititsidwe manyazi kapena amangidwe. Ndimawapempherera ndi mtima wonse, ndipo ndikuopa za moyo wawo wauzimu monga mmene ndikuopera za ana athu kumtsinje, chifukwa ndimakhulupirira kuti adzayankha pamaso pa Mulungu za anthu amene anapatsidwa kuti awatumikire. Ndikuopanso kuti nanenso ndidzafunsidwa, popeza ndine ndinawatsimikizira anthu kuti munthuyu ndi wokhulupirika.

Chonde ndithandizeni, Alangizi. Kodi ndisaine kalatayo ngakhale amuna anga akukana, kapena ndiyambe ndatenga akulu ampingo awiri n'kubwereranso kwa alamu anga monga Malemba anenera, podziwa kuti akuluwo ndi omwe analandira malata? Ngati kalatayo iyenera kupita, kodi pali njira yoti nzika wamba ifunse khonsolo kuti ionetse mapepala a mmene ntchito ya mjigo inayendera, popanda kuoneka ngati ikuneneza munthu? Ndipo amuna anga ndiwauze mawu otani kuti amvetse kuti sindikulimbana ndi mtundu wawo? Amayi akumananso Lachinayi la sabata yamawa, ndipo akufuna yankho langa tsiku limenelo.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Chikwawa