Lipoti la ulendo wa ku Milan: zomwe ndabwera nazo za Leonardo da Vinci

Apampando ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la ojambula, ndabwerako bwino ku Milan komwe munandituma. Msonkhano unali wa masiku atatu, wa aphunzitsi a luso ndi akatswiri okonza zithunzi zakale.

Tsiku loyamba linathera pa mbiri ya Leonardo da Vinci, katswiri wojambula wa ku Italy, yomwe ambiri mukuidziwa. Anabadwa pa 15 Epulo 1452 kufupi ndi Vinci, makolo ake asali pabanja, anaphunzira ntchito kwa mmisiri wojambula ndi wosema, Verrocchio, ku Florence, ndipo anamwalira ku Amboise, m'dziko la France, pa 2 Meyi 1519. Sindichedwapo.

Chomwe ndikufuna mumve ndi cha tsiku lachiwiri. Anatitengera ku tchalitchi cha Santa Maria delle Grazie kukaona chithunzi cha Mgonero Womaliza, chomwe anajambula pakhoma la chipinda chodyera cha ansembe cha m'ma 1495 mpaka 1498. Amalowetsa anthu ochepa pakamodzi, mphindi 15 zikakwana mwatuluka. Mulitali n'chamamita 8.8, kukwera m'mwamba 4.6. Ukayandikira, zovala za atumwi ena zimaoneka zamawangamawanga ngati chitenje chochapidwa zaka zambiri.

Gwero lake ndi khomalo. Amisiri a nthawiyo ankapaka utoto pulasitala ali wonyowa, kuti ziumire limodzi, koma zimenezo zimafuna changu. Leonardo ankafuna kujambula modekha, kubwererapo mawa, kusintha nkhope. Ndiye anapaka pakhoma louma. Utoto unayamba kukanganuka mwini wake akadali moyo. Mu 1652 anaboola khomo pansi pake, mapazi a Yesu n'kupita nawo. Mu 1943 bomba linagwetsa denga, khomalo linapulumukira matumba a mchenga. Ntchito yomaliza yochikonza inatenga zaka 21, kuyambira 1978 mpaka 1999.

Apa panabuka mtsutso. Okonza zithunzi ankati kunali kusasamala, aphunzitsi ankati popanda kuyesa koteroko nkhopezo sizikanakhala zamoyo chonchija. Ine ndinali mbali ya okonza, ndisaname. Ife ojambula pamakoma a masitolo ndi masukulu timadziwa manyazi ake utoto ukasupuka dzinja limodzi lokha.

Masana tinapita ku laibulale ya Biblioteca Ambrosiana, komwe amasunga Codex Atlanticus, masamba 1,119 a zolemba za Leonardo. Anali wamanzere ndipo ankalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, moti mnzanga wina anachita kutulutsa kagalasi m'chikwama kuti awerenge mzere umodzi. M'masambawo muli zojambula za makina okwezera madzi, zida zankhondo, mapiko oulukira. Koma zambiri sizinapangidwe, ndipo sanasindikize buku. Mapepala anasiyira wophunzira wake Francesco Melzi, ndipo iyeyo atamwalira mapepalawo anabalalika. Zojambula zake za mtima ndi mafupa, zomwe lero zili ku Windsor, ku England, madokotala a m'nthawi yake sanapindule nazo. Choncho tikamauza ana kuti ndiye anatulukira ndege, tikuwonjezera.

Tsiku lachitatu kachipangizo kanga komvera womasulira kanafa, ndiye zokambirana za kavalo wadongo yemwe Leonardo anaumbira Sforza, wolamulira wa Milan, zinandidutsa. Pepani.

Pempho langa n'loti aliyense akhale ndi kope lolembamo utoto womwe wasakaniza, mtundu wa khoma ndi tsiku, ndipo makopewo tiziwerengerana. Tikambirane Loweruka. Malisiti onse ndapereka kwa amsungichuma.