Lipoti la Msonkhano wa Matenda Otupa Miyendo ndi Phudzi

A Wapampando, a Mfumu ndi mamembala onse a komiti ya zaumoyo,

Munandituma ku msonkhano uja wa kuboma, ndipo nazi zomwe tinaphunzira.

Aphunzitsi anakhalitsa pa madzi a m'thupi otchedwa lymph, ndipo ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa mutu wa nkhani uli pamenepa. Magazi akamadutsa m'timitsempha ting'onoting'ono, madzi ena amatuluka n'kulowa m'minofu, ndipo pafupifupi malita 3 patsiku amatsalira komweko. Amatoledwa ndi mitsempha ina yapadera yomwe imakawathira m'magazi m'munsi mwa khosi. Mitsempha imeneyi ilibe mtima woipopa. Madzi amayenda munthu akamagwiritsa ntchito minofu, ndipo tizitseko tam'kati timawaletsa kubwerera m'mbuyo.

Panjira madziwo amasefedwa m'tinthu tonga nyemba totchedwa mwanabere tomwe tili m'khosi, m'khwapa ndi mphechepeche, momwe muli asilikali a thupi ambiri. Mwanabere amatupa asilikaliwo akamalimbana ndi tizilombo tochokera pa bala kapena chithupsa chapafupi. Koma akakhalitsa osaphwa, munthu akayezetse, poti nthawi zina ndi TB, HIV kapena khansa.

Tsono tinyongolotsi tomwe udzudzu umafalitsa timakakhala m'mitsempha yomweyi kwa zaka n'kuiwononga. Madzi amasowa kolowera, mwendo n'kuyamba kutupa, kapena bambo n'kuchita phudzi. Malawi inagawa mankhwala a ivermectin ndi albendazole kwa zaka zingapo, ndipo mu 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti matendawa salinso vuto lalikulu m'dziko muno. Ena mu holo anawomba m'manja. Ine ndinaganizira anthu athu omwe miyendo inatupa kale, poti mankhwala aja sakonza mtsempha wowonongeka.

Kwa amenewa ntchito ndi yathu. Mwendo uzitsukidwa tsiku lililonse ndi sopo ndi madzi oyera, n'kuupukuta bwino, makamaka pakati pa zala. Wodwala aziukweza pogona, aziuyendetsa, azivala nsapato zosathina. Mphini ayi ndithu: bala lililonse ndi khomo la tizilombo, ndipo mwendo ukatentha ndi kupweteka, kutupa kumawonjezeka. Phudzi limatheka ndi opaleshoni kuchipatala, ngakhale abambo ambiri amabisa chifukwa cha manyazi.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tisankhe abambo oti azikacheza ndi abambo anzawo pa nkhaniyi, komanso tigwirizane komwe sopo wa odwala azichokera.